Kuima pa Khoma la Eni Ake

Aliyense amene amayenda mumzinda wa Blantyre Loweruka madzulo, kapena Lamulungu anthu ataweruka ku mapemphero, waonapo zimene tikufuna kukambirana mwezi uno. Masitolo atatsekedwa, misewu itachita zii, mumapeza mtsikana ataima pakhonde la nyumba ya magalasi, atanyamula keke mosamala ngati khanda, mnzake atagwada chapoteropo ndi lamya ya m'manja akumuuza kuti, "Tasunthira uko, tamwetulira pang'ono." Mukayenda pang'ono mupeza mnyamata wapachika madiresi atatu pa mpanda wa hotela, maso ali uku ndi uku kuopa mlonda. Anthu amenewa sakusewera ayi. Ali pa ntchito. Akujambula zithunzi zotsatsira malonda awo, zimene usiku womwewo ziyambe kuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka zifike m'manja mwathu.

Kale wamalonda wamng'ono ankadziwika ndi chikwangwani. Ankaitana mmisiri wa penti nalembetsa dzina pakhoma la okala yake, pamodzi ndi chithunzi cha buledi, cha makina osokera kapena cha mutu wometedwa bwino. Chikwangwanicho chinkakhala pomwe pali malondawo, kotero kuti za malo sichikanatha kunama. Lero chikwangwani chinalowa m'thumba, ndipo chimayenda chokha mzinda wonse, mwini wake ali khale kwawo. Apa ndiye pabadwa funso limene makolo athu analibe: kodi chithunzi cha malonda tikajambulitse pati?

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi yochepa, yosayenera kuithera tsamba lathunthu. Ife sitikuganiza choncho. M'mabanja mwathu ambiri muli munthu amene amadya za m'manja mwake: wosoka, wopala matabwa, woluka tsitsi, wowotcherera zitsulo, wophika. Mpamba wake ndi wochepa, kawirikawiri ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo masiku ano ogula ambiri amayamba aona chithunzi, n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katunduyo asanamukhudze n'komwe. Chithunzi chasanduka mboni ya wamalonda pamaso pa munthu amene sanamuonepo. Tsono mboni ikhoza kunama, ikhoza kunena zoona mwachibwibwi mpaka womva n'kutopa, ikhozanso kunena zoona momveka bwino. Pa zithunzi zambiri zimene zatifika miyezi yapitayi tasankhapo zitatu, ndipo mitundu itatu yonse ya mboni ilimo.

Zithunzi zitatu

Choyamba ndi cha mayi wina wosoka zovala, amene makina ake ali pakhonde la nyumba ya lendi ku Chilomoni. Waveka mng'ono wake diresi la chitenje, namuimika pa masitepe a hotela ina yaikulu ya m'tauni. Chithunzicho n'chokongola, sitingakane. Koma tikachiyang'anitsitsa, diso limayamba kugwera pa chitseko cha magalasi, kenaka pa maluwa a m'miphika, kenaka pa galimoto yonyezimira imene yaima pambali, ndipo diresi limabwera pomalizira, lochepa ngati mlendo wamanyazi paukwati. Msoko sukuoneka, mpendero sukuoneka, ngakhale m'mene maluwa a chitenje awakumanitsira paphewa, pamene pagona luso lenileni la mayiyu, sipakuoneka. Amene watsatsidwa ndi mwini hotela, munthu amene sanapemphe ndiponso sakusowa womutsatsa.

Taganizani tsono za anthu awiri amene alandira chithunzichi. Woyamba ndi mphunzitsi wa ku Chilomoni komweko, amene akufuna diresi la pachinkhoswe. Akaona masitepe aja amati mumtima mwake, "Awa si anzathu, mitengo yawo sitingaikwanitse," n'kupita kwa telala wina, osadziwa kuti mayiyu amakhala kuseri kwa nyumba yake. Wachiwiri ndi mayi wa ku Namiwawa amene wakopeka, natumiza ndalama, nafunsa kumene kuli sitolo. Akafika n'kupeza khonde, mphasa ndi ana akusewera m'fumbi, amamva ngati wapusitsidwa, ndipo ngakhale diresi lisokedwe bwino chotani, pobwerera kwawo amakasimba za khondelo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomvetsa chisoni pano n'chakuti m'kati munalibe nyerere. Ntchito inali yabwino, koma chithunzi chinaphunzitsa wogula kuikayikira.

Chachiwiri ndi cha mnyamata wopala matabwa m'mphepete mwa msewu ku Ndirande. Iyeyu sanabwereke khoma la munthu. Anangotulutsa lamya dzuwa lili paliwombo, najambula mpando pomwe unali. Zonse zilimo: mpando ulimo, ngalande ya madzi akuda ilimo, mapepala a pulasitiki alimo, theka la minibasi lilimo, ndipo mwini wake akuoneka chakumapeto, nkhope itabisika mumthunzi wa chipewa. Bodza mulibe m'chithunzichi, komanso ulemu wa ntchito mulibe. Munthu amene watha masabata awiri akupala, akulumikiza ndi kupaka vanishi, sanathe kupatula mphindi khumi zoti asese, asunthe mpando, adikire kuti dzuwa lipendeke. Mlendo akamabwera kwathu timasesa pabwalo ndi kuyala mphasa yatsopano, ndipo palibe amene amati tanama. Kusesa si chinyengo.

Chachitatu ndi cha mayi wophika masikono ku Zingwangwa. Chinajambulidwa m'mawa, dzuwa likuwala cham'mbali. Mayiyu waima pabwalo pake posesedwa bwino, wanyamula lichero la masikono, ndipo kumbuyo kwake kuli uvuni wa njerwa, wakuda ndi utsi wa zaka zambiri. Chapatali kukuoneka phiri la Soche, ndipo kumbali kukusuzumira ngodya ya khoma la chigayo. Diso limayambira pa masikono, likwera pamanja, lifika pankhope, kenaka likapuma paphiri. Munthu wa ku Blantyre akachiona amadziwa zinthu zitatu nthawi yomweyo: chimene chikugulitsidwa, amene wachipanga, ndi dera limene angakamupeze. Pa zithunzi zitatuzi, chimenechi sichinadye ndalama ya minibasi kapena yopepesera mlonda, koma ndicho chikugwira ntchito imene chinajambulidwira.

Sindife oyamba kubwereka

Tisafulumire kumuweruza mayi wa ku Chilomoni uja, pakuti chilakolako chofuna kuoneka bwino m'chithunzi n'chakale ngati kamera yomwe. Achikulire ambiri akukumbukira situdiyo za kale, m'mene munkakhala nsalu yopentedwa nyanja kapena nyumba yosanja, ndi lamya yopanda waya imene munthu ankaigwira ngati akulankhula ndi m'bale wake wa ku Johannesburg. Mwambo umenewu unali ponseponse mu Africa, ndipo ena mwa amisiri ake anatchuka dziko lonse. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake m'chaka cha 1948. Ankajambulira pabwalo, pa kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu ya maluwa kumbuyo, ndipo ankabwereketsa makasitomala ake wailesi, wotchi, njinga yamoto ngakhale galimoto kuti aoneke nazo. Ku Ghana, Philip Kwame Apagya anatchuka m'zaka za m'ma 1990 ndi nsalu zopentedwa firiji yodzaza ndi zakudya, wailesi yakanema, ndi masitepe okwerera ndege, ndipo anthu ankaima patsogolo pake ngati zonsezo n'zawo.

Kodi anthu amenewa ankanama? Ife tikuti ayi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Wojambula, wojambulidwa ndi wolandira chithunzi, onse ankadziwa kuti firijiyo ndi penti. Linali loto lovomerezana, lokapachika pakhoma la pabalaza, ndipo panalibe amene ankatumiza ndalama chifukwa cha ndege yopentedwayo. Chithunzi cha malonda chili ndi udindo wina. Chimapita kwa munthu wachilendo, chimamupempha ndalama, ndipo chilichonse chimene chilimo wolandirayo amachiwerenga ngati lonjezo. Masitepe a hotela si penti: ndi masitepe enieni, a munthu wina, ndipo woona alibe njira yodziwira kuti abwerekedwa. Masiku ano lamya zina zimathanso kufafaniza khoma lenileni n'kuikapo nyumba za ku Dubai, koma vuto lake ndi lomweli, langopepuka kulichita. Lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003 limaletsa kutsatsa malonda mosocheretsa. Sitikunena kuti masitepe a hotela angamutengere telala kukhoti. Tikungonena kuti mzimu wa lamulolo ndi womwe makolo athu ankautsata pamsika: muyeso umene waonetsa ndiwo uyezere.

Amisiri a kamera amene anafuna kulemekeza anthu a ntchito zamanja anatsata njira zina ziwiri, ndipo zonse ziwiri n'zotheka kwa ife. Ku Germany, August Sander ankakonda kujambula munthu pamalo pake pa ntchito. Chithunzi chake chotchuka cha m'chaka cha 1928 chikuonetsa wophika makeke wa mumzinda wa Cologne, bambo wojintcha wovala malaya oyera, ataima m'khitchini mwake, akutakasa m'mbale yaikulu yachitsulo. Mulibe chokongoletsa, koma amene wachiona sakayika kuti bamboyo amaidziwa ntchito yake. Irving Penn wa ku America anachita mosiyana. M'zaka za 1950 ndi 1951 ankaitana ogwira ntchito a ku Paris, London ndi New York, ophika buledi, ogulitsa nyama, osesa ndi ena otero, kuti abwere ndi zovala ndi zida zawo za ntchito, nawaimika patsogolo pa nsalu yopanda chojambula chilichonse. Mmodzi anaonetsa malo enieni, mnzake anachotseratu malo n'kusiya munthu ndi chida chake. Panalibe mwa iwo amene anaganiza kuti wophika buledi angalemekezeke poimikidwa pakhomo la munthu wolemera.

Chithunzi ndi keyala

Pali chifukwa china, cha kwathu kuno, chimene chimachititsa kuti malo a m'chithunzi akhale ofunika kuposa m'mene angakhalire ku London. M'madera ambiri a m'mizinda yathu mlendo sapeza nyumba potsata nambala. Timalondolerana njira ndi zizindikiro. Timati mukatsike pa Chinseu kapena pa Kudya, mukhotere kumanzere pa chigayo, mupitirire mtengo wa mango, mufunse kwa amayi a pa mpope. Maso athu anazolowera kuwerenga malo motere, ndipo akaona chithunzi amachita zomwezo osauzidwa. Ndiponso Blantyre anazunguliridwa ndi mapiri amene aliyense amawazindikira: Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe. Phiri limodzi likangosuzumira kumbuyo kwa wamalonda, theka la keyala laperekedwa kale.

Motero amene wasankha malo a chithunzi wasankhanso anthu amene akuwaitana ndi kumene akuwatumiza. Wometa wa ku Bangwe amene wajambulitsa pa Victoria Avenue waitana anthu amene sadzakwera minibasi kukameta ku Bangwe, ndipo wabisala kwa anyamata a m'dera lake amene akanabwera wapansi. Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo. Chisamukire likulu kumeneko m'chaka cha 1975, nyumba zooneka bwino zachuluka ku City Centre, ndipo n'chinthu chokopa kuti kalipentala wa ku Mchesi kapena wosoka wa ku Kawale akaime kumeneko. Koma wogula mpando ayenera kukautenga ku Mchesi, ndipo chithunzi chabwino n'chimene chimamufikitsa kumeneko mtima uli m'malo.

Tisamveke ngati tikuletsa kujambulitsa pakati pa mzinda. Alipo amalonda amene msewu ndiwo malo awo a ntchito. Mnyamata wa njinga yamoto amene amaperekera anthu katundu, woyendetsa takisi, woperekeza alendo odzaona mzinda, wogulitsa maluwa amene amakhala pa ngodya imodzimodzi tsiku ndi tsiku, onsewa akajambulitsa pamsewu akunena zoona. Wosoka amene amakumana ndi makasitomala ake pa Wenela Lachisanu lililonse akhoza kujambulitsa pomwepo. Muyeso wake ndi umodzi, ndipo ndi wapafupi: kodi wogula akabwera pamalo amene akuoneka m'chithunzichi, andipeza? Ngati sandipeza, kodi ndamuuza?

Mawu a mbali inayo

Wina angatiyankhe kuti tikulankhula motere chifukwa sitigulitsa kanthu, ndi kuti akangoonetsa kuti ali ku Mbayani anthu a ndalama samuimbira lamya. Yankho limeneli ndi lolemera, ndipo sitiyenera kulinyozera. N'zoona kuti mayina ena a madera amatsegula zikwama, ena amazitseka. N'zoonanso kuti wamalonda wamng'ono wakhala akuphunzitsidwa kwa nthawi yaitali kuti asaoneke. M'chaka cha 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda n'kuwalozera ku misika. Panali zifukwa zomveka za ukhondo ndi za kuthithikana pamsewu, koma wamalonda wamng'ono anatolapo phunziro linanso, lakuti nkhope ya mzinda si yake. Munthu amene wauzidwa zimenezi kawirikawiri, tisadabwe akabwera Lamulungu madzulo kudzaba mphindi zisanu pakhonde la eni.

Komabe tikuona kuti khoma lobwereka silichotsa tsankho, limangochedwetsa tsiku lokumana nalo, ndipo tsikulo likafika limabwera ndi manyazi owonjezera. Makasitomala amene amasunga bizinesi yaing'ono chaka ndi chaka ndi oyandikana nawo, ndi amene auzidwa ndi mnzawo kuti, "Pitani kwa mayi uje, sakhumudwitsa." Palinso china chachikulu. Mmisiri aliyense wabwino akabisa dera lake, deralo limataya mboni imodzi imene ikanalikonzera mbiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope kuchokera m'phiri la Soche, dziko lonse linaona Chilobwe m'zithunzi za nyumba zokwiririka ndi za maliro. Zithunzizo zinali zoona, ndipo zinayenera kuoneka. Koma ngati madera athu aziwonekera m'zithunzi pa tsiku la tsoka lokha, pamene keke yophikidwa kumeneko ikukajambulidwa ku Sunnyside, ndani adzadziwe kuti kunsi kwa phiri lomwelo kuli anthu a luso? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pali yankho lachiwiri, lochokera makamaka kwa amayi ndi atsikana ogwirira ntchito pakhomo. Iwo amaopa kuonetsa nyumba yawo kwa anthu osawadziwa, chifukwa chithunzi chimafikanso kwa akuba ndi kwa amuna a zolinga zina. Mantha amenewa ndi anzeru. Palibe chifukwa choonetsera chitseko, zenera, makina a mtengo wapatali pamodzi ndi njira yofikira pamene ali. Apa ndi pamene njira ya Penn ndi nsalu ya Keïta zimathandiza. Pachikani chitenje chosachuluka maluwa kapena nsalu yoyala pabedi pa chingwe choyanikira zovala, muike katundu wanu patsogolo pake, manja anu aoneke akugwira ntchito, ndipo pansi pa chithunzi mulembe dera lokha. Potero simunaulule khomo lanu, komanso simunalozere munthu khomo la wina. Kusaonetsa malo n'kosiyana ndi kuonetsa malo abodza.

Dzuwa, nyengo ndi chilolezo

Ambiri amene amathamangira m'tauni amaganiza kuti chawakongolera m'zithunzi za anzawo ndi nyumba, pamene kwenikweni ndi kuwala. Blantyre ali pafupi ndi madigiri 16 kummwera kwa ikweta, kotero masana dzuwa limakwera kwambiri, ndipo chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale limadutsa paliwombo penipeni. Dzuwa lotere limaponya mthunzi m'maso ndi kunsi kwa chibwano, ndipo limazimiritsa mitundu ya nsalu. Nthawi yabwino ndi m'mawa, kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka 9 koloko, kapena madzulo dzuwa litapendeka, kukumbukira kuti kwathu kuno mdima suchedwa likangolowa. Ngati n'kofunika kujambula masana, imani mumthunzi wa khonde, nkhope itayang'ana kumene kukuchokera kuwala.

Mwezi wa Juni ndi wa Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, choncho khomo loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa tsiku lonse, pamene loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi. Masiku a chiperoni, amene ambiri amawada, ndi abwino kwa wojambula, pakuti mitambo imafewetsa kuwala ndipo mitundu ya chitenje imaoneka monga ilili. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa, koma utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, kotero amene akufuna kuti phiri lioneke adikire mvula itatsuka mlengalenga. Chenjerani ndi khoma loyera mbuu limene dzuwa likuwombapo: kamera imadziyeza ndi khomalo, ndipo nkhope ya munthu wakuda imasanduka mthunzi. Khoma la njerwa zootcha, limene lili paliponse m'madera mwathu, limagwirizana bwino ndi khungu lathu kuposa magalasi a m'tauni. Chenjeraninso ndi malona a buluu a mumsika, chifukwa amapaka mtundu wawo pa chilichonse chili pansi pake, mpaka tomato n'kuoneka ngati wodwala. Ndipo musayandikize lamya kwambiri, pakuti imakulitsa chimene chili pafupi n'kupotoza mwendo wa tebulo; bwererani m'mbuyo mapazi awiri kapena atatu.

Chotsala ndi chilolezo. Khonde la sitolo, bwalo la hotela ndi malo oimika magalimoto pa masitolo akuluakulu zili ndi eni ake, ndipo mlonda akakuletsani akungogwira ntchito imene imadyetsa ana ake. Msika uli ndi akuluakulu ake, bwalo la tchalitchi lili ndi oliyang'anira, ndipo pafupi ndi malo a asilikali ndi a chitetezo si pojambulira malonda. Safunsa anadya phula. Koposa zonse, anthu amene alowa m'chithunzi mwangozi nawonso ali ndi ufulu wawo. Mayi amene akudutsa ndi mtolo wa nkhuni, kapena mwana wa mnansi amene akusewera kumbuyo, sanavomere kutsatsa malonda anu. Apempheni, kapena dikirani adutse. Kasitomala amene wavala diresi lanu mufunseni kaye musanatumize nkhope yake kwa anthu mazanamazana.

Mbali yathu ogula

Tikadzudzula zithunzi zimenezi tiyenera kukumbukira kuti wamalonda amajambula chimene ife ogula timachikonda. Ngati timakhulupirira keke chifukwa yaikidwa pa tebulo la hotela, n'kuikayikira ikakhala pa lichero, ndife amene tikutuma ana athu kukazemba alonda Lamulungu madzulo. Tiphunzire kuyang'ana msoko, kulumikiza kwa matabwa, ukhondo wa manja ndi wa chiwiya. Tikalandira chithunzi cha mnansi chimene chikuonetsa bwino ntchito yake ndi dera lake, tichitumize kwa anzathu. Ndipo ife makolo, mwana akatiuza kuti akupita m'tauni kukajambulitsa zosoka zake chifukwa pakhomo pano m'pochititsa manyazi, tisangomupatsa ndalama ya minibasi. Titenge tsache, timuthandize kusesa, tigwire ngodya ina ya nsalu. Mwana amene waona mayi ake akunyadira bwalo lawo amaima mosiyana patsogolo pa kamera.

Nyumba zakale zimene timazisirira mumzinda muno zili ndi phunziro lake pa nkhaniyi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, amene sanaphunzire za kamangidwe, ndipo manja amene anaumba ndi kuyala njerwa zake anali a anthu a konkuno, amisiri ngati mnyamata wa ku Ndirande uja. Nayonso Mandala House, yomangidwa m'chaka cha 1882, inatenga dzina lake m'njira yoyenera kuiganizira. Kampani ya African Lakes, imene inayamba m'chaka cha 1878, inali ndi dzina lake la Chingerezi, koma anthu ataona magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa oyang'anira ake, anamutcha Mandala. Dzinalo linamatirira munthuyo, linamatirira kampani, ndipo mpaka lero ndi dzina la dera lonselo. Eni kampani sanalisankhe. Analipereka ndi anthu, potengera chimene ankachiona tsiku ndi tsiku.

Ndi m'mene zimakhalira ndi malonda alionse, aakulu ndi aang'ono omwe. Tikhoza kusankha khoma, tikhoza kusankha ola, koma dzina limene lidzatikhalire ndi limene ogula adzatipatse atabwera, ataona ndi maso awo, atavala diresi ndi kukhalira mpando. Chithunzi chanzeru n'chimene sichidzatsutsana ndi dzina limenelo. Tsono Loweruka likudzali, musananyamule keke kupita nayo pa siteji, tadzukani m'mawa, muime pakhomo panu cha m'ma 7 koloko, muone kumene dzuwa likugwera, muone khoma la njerwa, mtengo, ndi phiri limene lili kumbuyo. Mwina mupeza kuti malo amene mumawafuna m'tauni ali pabwalo panu, akungodikira tsache.